MOYO WA BRIGID WOYERA, MAYI WA KU IRELAND

Pamene tinakhala pansi kukonza za magazini ino ya chaka chokumbukira kuyambika kwa bungwe lathu, tinagwirizana kuti pakhale masamba ena a mbiri ya mayi mmodzi wa Mpingo amene anatsogola kale. Maina anatchulidwa ambiri. Ena anafuna Monica Woyera chifukwa cha misozi imene anakhetsera mwana wake, ena anafuna Anna Woyera, koma awa timawamva kawirikawiri. Potsiriza tinasankha Brigid Woyera wa ku Ireland, amene ambiri a ife tinangomva dzina lake pakamwa pa ansembe ndi asisitere a dziko limenelo, amene akhala akugwira ntchito pakati pathu, monga asisitere a Medical Missionaries of Mary amene anafika ku Mzuzu m'chaka cha 1962. Chimene chinatikoka nchakuti mbiri ya mayi ameneyu ndi ya kukhitchini ndi kukhola. Muli mkaka, nyama, moto ndi mlendo woima pakhomo, zinthu zimene ife tizidziwa bwino.

Ireland ndi chilumba chimene chili kuzambwe kwa Britain. Mvula imagwa chaka chonse, msipu ndi wambiri, ndipo kuyambira kale chuma cha anthu ake chinali ng'ombe. Masiku a Brigid kunalibe mizinda kapena ndalama. Kunali mafumu ang'onoang'ono ambiri, ndipo mtengo wa chinthu ankauwerengera pa ng'ombe ndi pa akapolo aakazi. Mdzakazi mmodzi ankamuyerekeza ndi ng'ombe zitatu zamkaka. Mau amenewa muwasunge, chifukwa mayi wake wa Brigid anali mmodzi wa akazi otere.

Mwana wa mdzakazi

Mbiri imati Brigid anabadwa cha m'ma 451 pa mudzi wa Faughart, pafupi ndi Dundalk, patangopita zaka pafupifupi 20 Patrick Woyera atayamba kulalikira m'dzikomo. Buku loyamba la moyo wake limene lilipobe analilemba mmonke wina wa ku Kildare dzina lake Cogitosus, cha m'ma 650, Brigid atamwalira kale zaka zoposa 100. Tsono zambiri zimene tikusimba pano ndi zimene anthu anali kuuzana pamoto mpaka alembi anadzazilemba.

Bambo wake anali Dubhthach, mfumu ya m'chigawo cha Leinster. Mayi wake anali Broicsech, mdzakazi wa m'nyumba ya mfumuyo. Mkazi wamkulu wa Dubhthach ataona kuti mdzakazi uja ali ndi pakati pa mwamuna wake, anachita nsanje yaikulu, naumiriza mwamunayo kuti amgulitse kutali. Dubhthach anamgulitsadi, koma anapangana ndi wogulayo kuti mwana amene ali m'mimba sali pamalonda. Pomaliza Broicsech anakakhala kwa munthu wina wansembe wa chipembedzo cha makolo a kumeneko, ndipo Brigid anakulira m'nyumba imeneyo. Akuti ali khanda sankasunga m'mimba chakudya cha m'nyumbamo, mpaka anamsankhira ng'ombe yoyera ya makutu ofiira kuti azimwa mkaka wake. Ng'ombe imeneyi tidzakumana nayonso kutsogoloku.

Atakula pang'ono anabwezedwa kwa bambo wake, kumene anali kugwira ntchito za m'nyumba, kuphika, kuweta nkhosa ndi nkhumba, ndi kulandira alendo. Apa ndi pamene khalidwe lake linayamba kuonekera. Mtsikanayo sankatha kuona munthu wanjala ndi kumsiya apite chimanjamanja. Tsiku lina anapatsidwa nthuli zisanu za nyama ya nkhumba kuti aphikire mlendo wolemekezeka. Kunabwera galu woonda, akulira ndi njala, ndipo Brigid anampatsako nyama ya mlendo ija. Pamene bambo wake anadza kudzawerenga nyama mumphika, anapeza nthuli zonse zisanu zilimo.

Pambuyo pake anamva kuti mayi wake akudwala maso kuukapolo kuja, ndipo ntchito yokama ng'ombe 12 ndi kupanga batala yamkulira. Brigid anapita kukamlandira ntchitoyo. Batala aliyense amene ankapanga ankamgawa magawo 12 pokumbukira Apostoli, ndi gawo lina la 13, lalikulu kuposa onse, m'dzina la Ambuye Yesu, ndipo gawo limeneli linali la osauka ndi alendo. Mbuye wa ng'ombezo ndi mkazi wake atamva kuti chuma chikutha, anabwera ndi dengu lalikulu kuti aone batala wao. M'nyumbamo munangotsala pang'ono pokha. Brigid analowa, napemphera, nayamba kutulutsa batala, kubwerera ndi kutulutsanso, mpaka dengu linadzaza. Munthu uja anachita mantha, nafuna kumpatsa ng'ombe zonse zija, koma mtsikanayo anakana ng'ombe napempha chinthu chimodzi, kuti mayi wake amasulidwe. Broicsech anamasulidwa tsiku lomwelo, ndipo mbuye wake uja pambuyo pake anabatizidwa.

Kwao kwa bambo wake zinthu sizinasinthe. Chakudya, zovala ndi ziwiya zinali kusowa m'nyumba, ndipo Dubhthach anatopa nazo. Anamkweza mwana wake pa gareta kupita naye kwa mfumu yaikulu ya Leinster kuti akamgulitse akhale wopera tirigu pamphero. Atafika anamsiya pa gareta nalowa kukakamba za mtengo, ndipo lupanga lake lamtengo wapatali analisiya pomwepo. Panabwera wakhate kudzapempha. Brigid anayang'ana uku ndi uku, napeza kuti palibe china, nampatsa lupanga lija. Mfumu yaikulu itamfunsa chifukwa chake, anayankha kuti akadakhala ndi chuma chonse cha mfumuyo, nachonso akadachipereka kwa osauka a Mulungu. Mfumuyo inaona kuti uyu si munthu womgula, inampatsa Dubhthach lupanga lina, ndi kumuuza kuti abwerere naye mwana wake.

Nkhani imeneyi titaiwerenga pamsonkhano wathu panabuka mtsutso ndithu. Mayi wina wachikulire ananena mosabisa kuti mwana wake atapereka njinga ya bambo wake kwa wopempha, iye sangamutche woyera, angamutche wakuba. Tinaseka, koma sanalakwe. Ife sitikulangiza mayi aliyense kutenga katundu wa bambo a kunyumba mobisa, chifukwa zimenezo zapasula mabanja. Koma tikumbukire kuti Brigid analibe kanthu kakekake koti apereke. Iye mwini anali pa gareta ngati mbuzi yopita kumsika. Ndiponso tisadzinamize, ndani mwa ife amene sanadutsepo kuseri kwa nyumba ndi kambale ka ufa kobisa m'chitenje, kupita kwa mnzake amene ana ake agona ndi njala, popanda kuyamba wapempha chilolezo? Mtsutso uja sitinaumalize.

Nyumba ya ku Kildare

Abale ake anafuna kumkwatitsa, popeza anali wokongola ndipo akadalandira chuma chambiri pa iye. Brigid anakana, chifukwa anali atadzipereka kale kwa Mulungu. Mabuku ena akale amati anadziononga diso kuti amuna amleke, ndipo linachira atalandira chovala cha usisitere. Analandira chovalacho pamodzi ndi anzake asanu ndi awiri. Pali nkhani yakuti Ambuye Mel, Episkopi wa ku Ardagh, pomdalitsa anawerenga pemphero lodzozera episkopi m'malo mwa pemphero la asisitere, ndipo anthu atadandaula anayankha kuti zimenezo wachita ndi Mulungu. Ife sitikunena kuti Brigid anali episkopi. Koma nzoona kuti Amayi Aakulu a ku Kildare amene anamlowa m'malo anali ndi ulemu ndi mphamvu zazikulu mu Mpingo wa ku Ireland kwa zaka mazana ambiri.

Cha m'ma 480 anamanga nyumba yake patsinde pa mtengo waukulu wa thundu. Dzina lakuti Kildare m'chinenero chao litanthauza tchalitchi cha pa mtengo wa thundu. Za malowo amasimba kuti mfumu inakana kumpatsa munda, ndipo iye anapempha malo okwana chofunda chake chokha. Mfumu inaseka ndi kuvomera. Asisitere anayi anagwira ngodya zinayi za chofundacho nayamba kuyenda, wina kumpoto, wina kumwera, wina kuvuma, wina kuzambwe, ndipo nsaluyo inangotambasuka mpaka mfumu inagwada kupempha kuti aleke. Pafupi ndi Kildare pali chigwa chotchedwa Curragh, cha maekala pafupifupi 5,000, chopanda mipanda, pamene nkhosa zimadya momasuka, ndipo anthu amati ndiwo msipu wa Brigid.

Pa Kildare panali nyumba ziwiri, ya asisitere ndi ya amonke. Brigid anaitana munthu wina wopemphera yekha kuthengo, dzina lake Conleth, amene analinso mmisiri wosula zitsulo, kuti akhale episkopi wa pamalopo, ndipo anayendetsa ntchito pamodzi. Ngakhale Ambuye Conleth sanapulumuke ku manja opatsa a mayiyu, pakuti zovala zao za Misa zochokera kutsidya kwa nyanja anazipereka kwa osauka. Cogitosus analongosola tchalitchi cha pa Kildare monga anachionera m'masiku ake: chinali chachikulu, cha mazenera ambiri, chokhala ndi khoma la matabwa pakati, amuna mbali ina, akazi mbali ina, monga tikhalira ife m'matchalitchi ambiri. Manda a Brigid ndi a Conleth anali uku ndi uku kwa guwa, okongoletsedwa ndi golide ndi siliva.

Tisaganize kuti anali mayi wofatsa nthawi zonse. Mkazi wina anamtengera dengu la maapozi okoma. Nthawi yomweyo kunafika akhate, ndipo Brigid anati zipatsozo zipatsidwe kwa iwo. Mkazi uja analanda dengu lake, nanena kuti anatengera Amayi Aakulu ndi asisitere, osati akhate. Brigid anakwiya, natemberera mitengo ya mkaziyo, ndipo siinabalenso. Nkhani iyi inatiluma ife a m'bungwe. Tikamva kuti kukubwera alendo aakulu ku parishi, nkhuku, mpunga ndi mazira zimapezeka tsiku lomwelo. Koma tikalengeza za kukaona odwala kapena nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi, mbale imazungulira kawiri ndi kubwerako yopepuka. Amene amasunga buku la zopereka adziwa zimene tikunena.

Brigid anayenda m'madera ambiri a Ireland pa gareta, kuyanjanitsa odana, kuombola akaidi ndi kusamala odwala. Anamwalira ku Kildare cha m'ma 525, ndipo chaka chake chimakumbukiridwa pa 1 Febuluwale. Anamlowa m'malo ndi wophunzira wake Darlughdach. Anthu a ku Ireland amamutcha Maria wa mtundu wao, ndipo ali mmodzi wa nkhoswe zitatu za dzikolo pamodzi ndi Patrick ndi Columba.

Za pa Kildare pambuyo pake zinayenda motere. Asisitere anali kusunga moto wosazima. Mlembi wina, Gerald wa ku Wales, amene anafika ku Ireland m'ma 1180, analemba kuti asisitere 19 ankalandirana kusonkhezera motowo usiku umodzi umodzi, ndipo usiku wa 20 ankausiyira Brigid mwini, m'mawa nkuupeza ukuyakabe. Ankhondo a Viking anafunkha Kildare kangapo, ndipo akuti mafupa a Brigid anasamutsidwira ku Downpatrick kuti asungike. M'chaka cha 1220 Arkiepiskopi wa ku Dublin analamula kuti moto uja uzimitsidwe. Unayatsidwanso, koma unazimiratu m'nthawi ya Mfumu Henry VIII ya ku England, pamene nyumba za amonke ndi asisitere zinatsekedwa cha m'ma 1540. Pambuyo pake kunadza malamulo ankhanza oletsa Akatolika zambiri, kotero kuti ansembe ankachita Misa mobisala pamiyala ya kuthengo. Nyumba yaikulu ya Brigid inagwa. Amene anasunga dzina lake ndi amayi a m'midzi, m'makhitchini mwao.

Anthu ophunzira amatiuzanso kuti Chikhristu chisanafike, anthu a ku Ireland anali ndi mulungu wao wamkazi wa dzina lomweli, ndiponso kuti 1 Febuluwale linali kale tsiku la chikondwerero chotchedwa Imbolc, cholandirira nyengo yophukira. Motero miyambo ina ya tsikuli ndi yakale kuposa Mpingo wa kumeneko. Ife izi sizitidabwitsa, popeza nafenso timapita ndi mbewu zathu kutchalitchi kukadalitsa mvula isanagwe, ndipo makolo athu anali kupempherera mbewu asanamve za Uthenga Wabwino.

Usiku wa pa 31 Januwale

Zimene zikutsatirazi zinali kuchitika m'midzi ya ku Ireland mpaka m'zaka za m'ma 1900. Zinasungika bwino chifukwa pakati pa 1937 ndi 1939 ana a sukulu zapulaimale oposa 50,000 anatumidwa kukafunsa agogo ao za miyambo yakale ndi kuzilemba m'makope, ndipo makopewo alipobe ku Dublin. Miyamboyo inkasiyana dera ndi dera, nyumba ndi nyumba.

Tiyambe taiona nyumbayo. Inali ya miyala kapena ya dothi, yopakidwa laimu woyera, yofoleredwa ndi udzu kapena mapesi a tirigu. Chitseko chinali chodulidwa pakati, cham'mwamba nkutsegula kuti kuwala kulowe, cham'munsi nkutseka kuti nkhuku ndi nkhumba zisalowe. Moyo wonse wa banja unali m'khitchini, pamoto. Nkhuni zinali zosowa, tsono ankadula dothi lakuda la m'madambo ngati njerwa, kuliumitsa, ndi kumasonkhera moto. Usiku mayi ankakwirira makala ndi phulusa kuti m'mawa angoupemerera, ndipo m'nyumba zina moto unkatha zaka osazima.

Kwao Januwale ndi mwezi wa chisanu choopsa, usiku wautali, dzuwa losaoneka. Ng'ombe zambiri zimakhala zitaleka kutulutsa mkaka, kudikira kubereka. Pofika tsiku la Brigid mayi ankayang'ana chakudya chotsala m'nyumba, bambo nkuyang'ana udzu wouma wa ng'ombe, kuti aone ngati afika nazo ku msipu watsopano. Si njala yeniyeni ngati ya Febuluwale wathu kuno, pamene nkhokwe zili mbee, koma inali nyengo yowerengera chakudya. Ndipo ndi nthawi yomweyo imene mwambo unkafuna kuti pakhale batala watsopano patebulo, ndi kuti amene ali ndi mkaka agawireko anansi ao osauka. Ena ankapha nkhosa kapena nkhuku ndi kutumizako nyama kwa amene alibe.

Anthu ankakhulupirira kuti usiku umenewu Brigid amayenda m'dziko lonse pamodzi ndi ng'ombe yake yoyera ija, kudalitsa anthu ndi ziweto. Choncho mayi ankasesa ndi kukonza m'nyumba monse monga tichitira poyembekeza mlendo. Masana wina ankapita kudambo kukatenga udzu wobiriwira wofanana ndi mlulu wathu, ndipo m'madera ena ankati uzulidwe ndi manja, usadulidwe ndi chitsulo. Mtolowo ankausiya panja pafupi ndi khomo.

Chakudya cha madzulo chinali mbatata ya kachewere yophika ndi kuipota, kwina yosakaniza ndi kabichi kapena anyezi, yothiridwa mumbale imodzi yaikulu, pakati nkuboola kadzenje koikamo batala kuti aliyense azisunsa. Ena ankaonjezapo buledi wa zipatso kapena keke ya maapozi. Tingonena pambali kuti mbatata imeneyi, imene kumsika timaitchula dzina la dziko lao, Brigid sanailawepo. Inachokera ku South America ndipo inafika ku Ireland cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Anthu osauka anadzaidalira kwambiri kotero kuti itagwidwa ndi matenda kuyambira 1845, anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi nthenda.

Chakudya chisanayambe, makamaka m'madera a kumpoto, mtsikana wamkulu wa m'nyumbamo, kapena amene dzina lake ndi Brigid, ankatuluka panja, nanyamula mtolo wa udzu uja, nagogoda pachitseko katatu. Nthawi iliyonse ankaitana a m'nyumba kuti agwade, atsegule maso, amlowetse Brigid. Onse ali chogwada ankayankha kuti walandiridwa. Kachitatu chitseko chinkatsegulidwa, mtsikana nkulowa, mtolo nkuikidwa pansi pa tebulo kapena pansi pa mphika wa mbatata, ndipo atapemphera ankadya. Mwa miyambo yonse, uwu ndi umene unatigwira mtima. Mwana wa mdzakazi, amene mkazi wamkulu anampirikitsa asanabadwe, anali kugogoda pa khomo lililonse la m'dzikomo chaka ndi chaka, bambo mwini nyumba ali chogwada pansi kumlandira.

Atatha kudya, banja lonse linkakhala pamoto kuluka mitanda. Chiyambi chake amachisimba motere. Mfumu ina yachikunja inali kumwalira, ndipo Brigid anakhala pambali pake kuisamala. Anatola udzu umene unayalidwa pansi m'nyumbamo nayamba kuluka mtanda. Wodwalayo anafunsa tanthauzo lake, Brigid namfotokozera za imfa ya Ambuye Yesu, ndipo munthuyo anapempha ubatizo asanatsirizike. Mtanda wodziwika kwambiri uli ndi kabwalo ka ngodya zinayi pakati ndi mikono inayi yomangidwa kunsonga. Palinso ya mikono itatu, imene kwina ankaipachika m'khola, ndi ina yolukidwa ndi mapesi pa timitengo tiwiri. Ankaiwaza madzi odalitsidwa ndi kuipachika pamwamba pa chitseko kapena kuisomeka kudenga, kupempha kuti nyumba itetezedwe ku moto, mphezi ndi matenda. Amene anaonapo nyumba yaudzu ikupsa adziwa chifukwa chake pempho loyamba linali la moto. M'nyumba zambiri mtanda wakale sankauchotsa, ankangosomeka watsopano pambali pake, kotero kuti mlendo poyang'ana kudenga lakuda ndi mwaye ankatha kuwerenga zaka zimene banjalo lakhala m'nyumbamo. Okwatirana kumene ankalandira mtanda ngati mphatso yolowera m'nyumba yatsopano.

Udzu wotsala sankautaya. Ena ankayala nao kabedi pafupi ndi moto kuti Woyerayo apumulepo akatopa ndi ulendo, ena ankauyala m'khola kapena kupota nao zingwe zomangira ng'ombe. Pazenera panja ankaikapo buledi ndi batala, ndi mtolo wa mbewu kapena udzu wouma wa ng'ombe yoyera ija. Chakudyacho chinkatengedwa ndi wosauka wodutsa kapena ana oyendayenda usikuwo, chikatsala a m'nyumba nkugawana m'mawa.

Mwambo wa amayi enieni unali wa kansalu. Mayi ankatenga nsalu, mpango kapena kariboni kosachapa, nakayanika pa chitsamba kapena pazenera usiku wonse, kuti Brigid podutsa akakhudze. Ankakatenga dzuwa lisanatuluke ndi kukasunga chaka chonse. Mutu ukawawa kapena pakhosi pakapweteka ankamanga kansaluko. Azamba ankakaika pa mayi amene ali pa nthawi yake, ndipo ng'ombe ikavutika pobereka ankaifunditsa nako. M'midzi ya kunyanja ankayanika chovala cha bambo kapena mnyamata wopita kukapha nsomba, kuti asamire. Masiku amenewo chipatala chinali kutali, ndipo mayi analibe pena pogwira. Ife lero tinganene kuti pemphero lipite pamodzi ndi sikelo ya amayi apakati, monga asisitere a ku Ireland omwewo anatiphunzitsira m'zipatala zao.

Achinyamata nao anali ndi gawo lao. Ankapanga chidole cha Brigid. Batala kumeneko ankapangira m'chiwiya chamatabwa chonga mtondo, chokhala ndi mtengo wake wonga munsi, ndipo mtengo umenewu ndiwo ankauveka zovala zoyera nkukhala chidolecho. Atsikana, kwina anyamata ovala zipewa zazitali za mapesi ndi zobisa nkhope, ankayenda nacho nyumba ndi nyumba, akuimba ndi kuvina, ndipo eni nyumba ankawapatsa mazira, buledi, shuga kapena timakobiri. Kuwabweza chimanjamanja chinali chinthu chochititsa manyazi. Ku Killorglin, m'dera la Kerry, mwambo umenewu anaudzutsanso ndipo amachita chionetsero chake. Kuzambwe, ku Galway ndi pa zilumba za Aran, ankapota chingwe chachikulu cha mapesi chozungulira ngati lamba, chokhala ndi mitanda, ndipo aliyense wa m'nyumba ankadutsa m'kati mwake kupempha moyo wabwino chaka chimenecho.

Kutacha, pa 1 Febuluwale, m'madera ena sankagwira ntchito iliyonse yozunguza gudumu, kaya ngolo, kaya mphero, kaya makina osokera. Anthu ankapita ku zitsime zotchedwa dzina lake, monga cha ku Faughart, cha ku Kildare ndi cha ku Liscannor m'dera la Clare, kukazungulira akupemphera korona ndi kutunga madzi owaza m'nyumba, m'khola ndi m'munda. Mlimi ankatembenuza dothi kamodzi kapena kawiri ndi fosholo, kusonyeza kuti ntchito ya chaka yayamba. Ena ankapachika kathumba ka mbewu kapena mbatata imodzi pambali pa mtanda, nkudzaisakaniza ndi mbewu zina tsiku lobzala.

Masiku ano nyumba zaudzu zatsala zochepa ku Ireland, ndipo miyambo yambiri mwa imeneyi inatha pamodzi ndi moyo wakale wa kumudzi. Koma mitanda ikulukidwabe m'masukulu ndi m'maparishi. Asisitere a chipani cha Brigid, chimene anachiyambitsa Ambuye Daniel Delany ku Tullow m'chaka cha 1807, anayatsanso moto uja ku Kildare m'chaka cha 1993. Kuyambira 2023 boma la Ireland linaika tsiku la tchuthi m'dzina la Brigid kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo ndilo tchuthi choyamba cha dzikolo chotchedwa dzina la munthu wamkazi. Mu Januwale 2024, pokumbukira zaka 1,500 chimwalirire, kachidutswa ka fupa lake, kochokera ku mafupa amene amasungidwa ku Lumiar m'dziko la Portugal, kanabwezedwa ku tchalitchi cha parishi ya Kildare.

Ife tinayesa kuluka mtandawu ndi mlulu wa kudambo kwathu ndipo unatheka bwino. Mutenga mlulu umodzi nkuuimika. Wachiwiri muupinda pakati nkuukoleka pakati pa woyambawo. Kenaka mutembenuza mtandawo mbali imodzi, mupinda wina nkukolekanso, mutembenuzanso, chomwecho mpaka kabwalo ka pakati kakule monga mufunira, ndipo mumanga nsonga zinayi ndi ulusi kapena luzi. Pamsonkhano wathu woyamba wa mwezi wa Febuluwale tidzaphunzitsana onse. Tikupempha mayi aliyense abwere ndi kambale ka ufa kapena nyemba ka odwala athu, ndipo amene mukhala pafupi ndi dambo mutitengereko mlulu. Ukhale wauwisi, wozula dzulo lake, chifukwa wouma umathyoka popinda.